Njira imene ndinaika pa mapu ndisanaiponde

Uthengawo unali waufupi. Wina anausiya pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kujambulapo ndi kukonza, pamalo pamene kanjira ka oyenda pansi kamadutsa mtsinje, ndipo anangolemba kuti: "Pano palibe mlatho. Tinafika ndi ana awiri dzuwa litapendeka, tinachita kubwerera." Sanakalipe, sanaloze munthu chala. Koma nditatsegula mbiri ya kanjirako kuti ndione amene anakajambula, dzina limene ndinapeza linali langa. Mzerewo ndinauika ndine. Chizindikiro chakuti bridge=yes, chosonyeza kuti pali mlatho, ndinalemba ndine. Ndipo mtsinjewo ndinali ndisanauonepo chibadwire.

Papita nthawi chichitikireni zimenezi, koma ana awiriwo sachoka m'mutu mwanga. Sindikuwadziwa. Ndimangowaona ataima pagombe, wamkulu amene anali nawo akuyang'ana foni imene ikumuuza kuti awoloke.

## Fayilo ya mnzanga

Pamene izi zinkachitika n'kuti nditajambula mapu kwa chaka ndi miyezi ingapo. Ndinayamba ngati mmene ambiri amayambira, kutsegula pulogalamu yojambulira mapu yotchedwa iD pa kompyuta, kuyang'ana zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga, n'kumalondola misewu ndi madenga a nyumba. Kenako mtima unapita ku tinjira. Misewu ikuluikulu aliyense amaijambula, koma tinjira ta oyenda pansi, tija todula pakati pa minda, tolowa m'nkhalango, totsikira m'makwawa, ambiri satilabadira. Tsono tinjira timafuna miyendo. Pansi pa mitengo chithunzi cha m'mlengalenga sichionetsa kanthu, umangoona masamba okhaokha. Umayenera kupita wekha, foni ili m'thumba ikulemba pamene ukuponda, n'kubwerako madzulo miyendo ikuphwanya, uli ndi makilomita 8 basi.

Ndiye mnzanga wina wa m'gulu la anthu okonda maulendo apansi atandipatsa fayilo ya GPX (mtundu wa fayilo yosunga mizere ya pamene munthu wayenda) yokhala ndi njira zonse zimene gulu lawo linasonkhanitsa kwa zaka zambiri, mtima wanga unadumpha. Nditaitsegula mu JOSM, pulogalamu ina yojambulira mapu, dera lonse limene pa mapu linali loyera mbee linadzaza mizere. Njira 43. Ntchito imene ikananditengera miyezi yambiri inali pamenepo, yothaitha.

Ndinafunsa funso limodzi lokha: "Achimwene, mukundilola kuziika pa mapu?" Iwo anati, "Tengani, n'zathu zomwe, zikungokhala." Sindinafunse kuti anayenda ndani, anayenda liti, kapena ngati zonsezo zinachita kuyendedwa n'komwe. Usiku umodzi wokha ndinasandutsa mizereyo kukhala njira, n'kuipatsa yonse chizindikiro cha highway=path, chosonyeza kuti ndi kanjira. Paliponse pamene m'fayilomo munali kadontho kolembedwa kuti mlatho, ine ndinaikapo mlatho. Kenako ndinatumiza zonse nthawi imodzi.

Kunena zoona, sindinkaona ngati ndikulakwa. Mapu opanda kanthu amawawa kwa munthu amene akudziwa kuti kumeneko kuli anthu, ndipo anthuwo amayenda tsiku ndi tsiku. Ndinkaganiza kuti mzere wolakwika pang'ono ndi wabwinoko kusiyana ndi kusowa mzere.

## Pagombe

Loweruka lotsatira nditawerenga uthenga uja, ndinalawira kukalondola mzere wanga. Chigawo choyamba chinali bwinobwino. Kanjira kanali pomwe mapu ankanena, dothi lake lolimba gwa chifukwa cha mapazi. Kadontho kabuluu ka pa foni kankayenda pamwamba pa mzerewo, ndipo ndinayamba kudzilimbitsa mtima kuti mwina wolemba uthenga uja anangosochera yekha.

Nditadutsa mphambano ina zinthu zinayamba kusintha, koma sindinazindikire msanga chifukwa maso anali pa foni. Kanjira kanayamba kuchepa. Udzu unayamba kundikwapula m'maondo, kenako m'chiuno. Ulusi wa akangaude unkandimata kumaso. Nthambi zaminga zinali zitatambalala kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka kugwirana pakati. Nthaka inkandiuza poyera kuti njirayi inafa, koma ine ndinkamvera mzere.

Kenako ndinamva mkokomo wa madzi, n'kutulukira pagombe. Panali zipilala ziwiri za simenti, china tsidya lino, china tsidya lija chitapendekera m'madzi. Pakati pake panalibe thabwa ngakhale limodzi. Gombe linali litagumuka, kuya kwake kuposa msinkhu wanga, madzi akuthamanga pansi. Ndinayang'ana foni. Inkasonyeza kuti ndaima poyambira mlatho, ndipo inkati ndipitirire kutsogolo.

Ndinangoti kakasi. Ndinaganiza za munthu wofika pamenepo kukuda, batire litatsala pang'ono kutha, ana atatopa, kumene achokera kuli kutali.

Ndili chiimire choncho ndinamva kukhosomola kumbuyo kwanga. Anali bambo achikulire, nkhwangwa ili paphewa. Titapatsana moni anandifunsa ngati ndasochera.

"Ndimafuna mlatho, agogo."

"Mlatho? Umenewo unapita ndi madzi kalekale. Pano sipadutsanso munthu. Ndinakuonani mukulowera kuno, n'chifukwa chake ndakutsatirani. Masiku ano alendo akumabwera kuno kawirikawiri, kaya akuwatuma ndani kaya."

Mawu omalizawo anandilasa. Ndinawaonetsa foni n'kuwafotokozera kuti awa ndi mapu, mzere uwu ndi njira, apa ndi pamene taima ife. Anayang'anitsitsa, foni ataitalikitsa pang'ono ndi maso.

"Nanga analemba ndani kuti pali mlatho?"

"Ndine, agogo."

"Munauona?"

"Ayi."

"Anakuuzani ndani?"

Ndinasowa choyankha. Munthu amene anaona mlathowo ndi maso sindinkamudziwa, chaka chimene anauona sindinkachidziwa. Bambowo sanandidzudzule. Anangosuntha nkhwangwa kuiika phewa lina n'kunena kuti, "Tiyeni, mwana wanga, ndikakuonetseni powolokera."

Ndinayatsa pulogalamu yolemba njira n'kuwatsata pambuyo. Tinabwerera mpaka pa mphambano ija ndinaidutsa osailabadira, n'kukhotera kumtunda. Kumeneko n'kumene kunali njira yamoyo, yotakata, yodzaza mapazi a anthu ndi mizere ya matayala a njinga. M'fayilo ya mnzanga njira imeneyi munalibe. Poyenda ankandilozera ndi mpini wa nkhwangwa: aka kakulowera kumanzereka kamathera pamunda wa munthu, musakalembe ngati njira ya aliyense. Apa pamaterera mvula ikagwa. Chipata ichi mwiniwake amalola kudutsa, bola mutseke. Titafika pamene mtsinje watambalala, panali miyala ikuluikulu yondandalikidwa kuchoka tsidya lino mpaka tsidya lija.

"Apa ndiye powolokera. Koma mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, miyalayi imamira. Zikatero timazungulira kumsewu, ngakhale kuti n'kutali."

Ndinalemba mawu amenewo m'kabuku kanga monga mmene anawanenera. Tinasiyana pamiyala pomwepo, iwo kuwoloka, ine kubwerera.

## Nditatsegulanso fayilo

Fayilo ya GPX si chinthu chovuta kuwerenga. Ndi mndandanda wa timadontho. Kalikonse kali ndi manambala osonyeza pamene kali padziko, ndipo nthawi zambiri kamakhalanso ndi tsiku ndi nthawi imene chipangizo chinakalemba. Masikuwo anali momwemo kuyambira pachiyambi, kungoti ine sindinawayang'ane. Njira yodutsa pamlatho ija inali imodzi mwa zakale kwambiri. Amene anaiyenda sananame. Tsiku limene iye anadutsa, mlatho unalipo. Cholakwa chinali changa, kutenga zimene munthu anaona zaka zambiri zapitazo n'kuziika pa mapu ngati zaonedwa dzulo.

Koma chimene chinandiziziritsa nkhongono chinali china. Njira zina zinalibe masiku n'komwe. Munthu amene wazolowera kuona mizere ya GPS amasiyanitsa msanga. Mzere wa munthu woyenda umanjenjemera, umakhotakhota pang'ono ngakhale njira ili yowongoka, ndipo pamene munthuyo anaima kupuma timadontho timaunjikana malo amodzi ngati nyerere. Koma mizere yopanda masikuyi inali yosalala, timadontho totalikirana, ngodya zakuthwa ngati zojambula ndi rula. Palibe phazi limene linapondapo. Inajambulidwa munthu atakhala pampando. Mnzanga atafunsa anzake, tinamva kuti wina anailondola kuchokera pa mapu osindikizidwa ogula.

Pamenepo nkhani inakula, chifukwa inakhudza umwini. Zonse zimene zili mu OpenStreetMap zimaperekedwa kwa aliyense pa chilolezo cha ODbL, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 2012. Kuti aliyense athe kuzitenga momasuka, zolowamo ziyenera kukhala zako, kapena zimene mwini wake wavomereza kuti zigawidwe motero. N'chifukwa chake kukopera kuchokera ku Google Maps kapena pa mapu ena okhala ndi eni ake n'koletsedwa, ngakhale mzerewo utakhala wolondola chotani. Mnzanga anandilola ndi mtima wonse, koma munthu sangapereke chimene si chake.

Ndinapezanso zina zing'onozing'ono zimene zikanaoneka ndikanangoyang'ana modekha. Tinjira tina tinali titajambulidwa kale ndi munthu wina amene anachita kutiyenda, ndipo mizere yanga inagona pambali pake, motero mapu ankaonetsa njira ziwiri pamene pali imodzi. Mizere ina inkafika pamsewu koma osalumikizika. Kwa munthu woyang'ana ndi maso imaoneka ngati yakhudza, koma pulogalamu yolondolera njira siona choncho. Njira ziwiri zikapanda kugawana kadontho kamodzi pamphambano, kwa pulogalamuyo sizikumana, ndipo imamuzungulitsa munthu mtunda wautali kuti akafike pamalo amene akuwaona patsogolo pake.

Ngakhale mizere yoyendedwa bwino si yoikhulupirira mwachimbulimbuli. Foni imaphonya ndi mamita 5 kapena kuyandikira pamenepo ukakhala pabwalo poyera, ndipo pansi pa mitengo yowirira kapena m'chigwa chakuya imaphonya kuposa apo, chifukwa mafunde ochokera ku masetilaiti amatchingidwa kapena kunjanja pamatanthwe. Zithunzi za m'mlengalenga nazo zimatha kukhala zakale, kapena zosuntha pang'ono kuchoka pamalo enieni. N'chifukwa chake odziwa amayenda njira popita ndi pobwera, n'kuyerekezera mizere iwiriyo ndi chithunzi, asanajambule mzere umodzi ndi dzanja lawo.

## Nkhaniyi si yatsopano

OpenStreetMap inayamba mu 2004 ku Britain, Steve Coast ataiyambitsa pa nthawi imene mapu a boma a Ordnance Survey sankaperekedwa momasuka kwa aliyense. Oyambawo ankayenda pansi ndi panjinga atanyamula timakina ta GPS, msewu umodzi umodzi. Koma sipanatenge nthawi kuti chiyeso chimene chinandigwira ine chifike. Mu 2007 anayamba kulowetsa misewu ya dziko lonse la United States kuchokera mu nkhokwe ya boma yotchedwa TIGER. Chaka chomwecho kampani ya AND inapereka misewu ya dziko la Netherlands.

Sindikuti kulowetsa zinthu zambiri nthawi imodzi n'koipa pakokha. Dziko lalikulu ngati United States likanadikira zaka zambiri kuti misewu yake yonse iyendedwe ndi anthu ongodzipereka. Koma ntchito yokonza inatsala yaikulu, ndipo patapita zaka zonsezi munthu amapezabe misewu yokhala ndi chizindikiro chakuti tiger:reviewed=no, chimene chinaikidwa posonyeza kuti msewuwo sunatsimikizidwe ndi munthu.

Pali chinthu china chimene ndinachimvetsa nditabwerako kumtsinje. Malo oyera pa mapu amaitana anthu. Munthu akaona kuti njira imene amadutsa tsiku lililonse palibe, amafuna kuiikapo. Koma mapu odzaza mizere amagoneka anthu tulo, aliyense amati ntchito inatha. Njira yamoyo imene agogo aja anandionetsa inakhala yosajambulidwa nthawi yonseyo, ndipo ndikukhulupirira kuti mzere wanga unathandizira, chifukwa woyang'ana ankaona kuti powolokera palipo kale.

Malamulo olowetsera zinthu mu OpenStreetMap ndinkawadziwa, koma ndinkawaona ngati zokometsera za anthu okonda mapepala, zoyenera okhawo olowetsa misewu ya dziko lathunthu. Amati utsimikize za chilolezo, ulembe pa wiki (masamba a pa intaneti a OpenStreetMap amene aliyense amalembapo) zimene ukufuna kuchita ndi kumene zinthuzo zachokera, ukambirane ndi ojambula mapu anzako usanayambe, ugwiritse ntchito akaunti yapadera, ndipo uyanjanitse zatsopanozo ndi zimene zilipo kale. Lililonse mwa malamulowa likanandigwira dzanja. Za akaunti yapaderazo ndinazimvetsa bwino pa nthawi yobweza, pamene mizere yolowetsa inali itasakanikirana ndi ntchito yanga ya miyendo pansi pa dzina limodzi.

## Kubweza

Ndinalemba poyera, pansi pa ntchito ija, kuti ndinalakwitsa ndipo ndikufuna kukonza. Mayi wina amene wajambula mapu zaka zambiri kuposa ine anandiyankha modekha: "Musafufute zonse nthawi imodzi, achimwene. Ena amangirapo kale pa mizere yanuyo." Ankanena zoona. JOSM ili ndi chida chobwezera ntchito yonse mmene zinalili, koma pa miyezi imene inadutsa anthu ena anali atalumikiza tinjira tawo ku mizere yanga, wina ataikapo chipata, wina atawongola ngodya. Kubweza mopupuluma kukanagwetsa ntchito yawo yabwino pamodzi ndi yanga yoipa.

Ndiye ndinayamba umodzi umodzi, usiku ndi usiku. Mizere yolondoledwa pa mapu ogula ija ndinaichotsa yonse osatsalako. Imene wina anali ataiyenda pambuyo panga n'kuikonza ndinaisiya. Yotsalayo ndinaichotsa pa mapu n'kuisunga mu kompyuta yanga kuti izinditsogolera kokayenda.

Pamtsinje paja ndinachotsa mlatho, koma kanjira kakufa kaja sindinakafufute kotheratu. Ndinakasintha kukhala abandoned:highway=path, kuti pulogalamu isatumenso munthu kumeneko, komanso kuti wojambula wina akadzaona mzere wakale kapena chithunzi chakale adzadziwe kuti wina anafikako n'kupeza njirayo itafa. Ndinajambula njira yakumtunda, pamiyala n'kuikapo ford=stepping_stones, ndipo mawu a agogo aja okhudza mvula ya masiku awiri ndinawalemba m'malo a ndemanga.

Kuona dera lija likuyeranso mbee kunandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira.

## Ya papepala ndi ya mapazi

Chimene chinandithandiza kuona kagwiritsidwe ntchito kabwino ka fayilo ngati ija ndi mmene ojambula mapu a ku England ndi Wales amachitira. Kumeneko kuli njira za oyenda pansi zotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuchokera pa lamulo la mu 1949 makhonsolo amasunga mapu ovomerezeka osonyeza njira zimenezi. Makhonsolo ena anatulutsa mizere yawo pa chilolezo chomasuka. Munthu angaganize kuti basi, ingotengani n'kuthira mu OpenStreetMap, popeza ndi ya boma. Koma chizolowezi chawo n'chakuti mizereyo amaigwiritsa ntchito poyerekezera. Amaona njira zimene zikusowa, amapita kukaziyenda, kenako pa njira imene aipeza amawonjezera chizindikiro cha designation=public_footpath, chosonyeza kuti ndi njira ya oyenda pansi yovomerezeka ndi lamulo.

Chifukwa chake n'chomveka. Mzere wa lamulo umatha kudula pakati pa munda pamene palibe kanjira kooneka, anthu akuyenda m'mphepete mwa mpanda. Pepala limanena pamene munthu ali ndi ufulu woyenda, nthaka imaonetsa pamene anthu akuyendadi, ndipo ziwirizi sizigona malo amodzi nthawi zonse. Woyenda amafuna kudziwa zonse ziwiri, koma mwendo wake udzaponda panthaka. Ngati mizere ya boma yosungidwa mwalamulo imafuna kukaonedwa kaye, nanga bwanji fayilo ya gulu la anzanga, yosonkhanitsidwa ndi manja ambiri pa zaka zosiyanasiyana?

Masiku ano fayilo ija ndimaiika m'foni ngati mzere wotuwa wondiuza kumene ndingakayang'ane. Ndikafika, maso amakhala pansi kuposa pa foni. Ndimajambula chithunzi pa mphambano iliyonse, pa chipata chilichonse, pa mlatho uliwonse, ndipo pa mlatho ndimaikaponso check_date, tsiku limene ndinauona, chifukwa milatho imapita. Ndikakumana ndi munthu wa m'deralo ndimaima n'kufunsa. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito imeneyi phulalo amadya ndi munthu wina amene sumudziwa, wobwera pambuyo pako atakhulupirira mzere wako.

Mwa njira 43 zija, ndayendapo 17. Zimene zabwerera pa mapu ndi 11, ndipo pafupifupi zonse ndinazisintha penapake. Zina zinatsekedwa ndi mipanda, zina zinamera tchire, imodzi inasanduka msewu wa galimoto.

## Uthenga uja

Nditamaliza kukonza pamtsinje, ndinabwerera ku uthenga umene unayambitsa zonsezi. Ndinalemba kuti mlathowo ndinauika ndine ndisanauone, ndikupepesa chifukwa cha ulendo wawo ndi wa anawo, ndipo powolokera pali kumtunda, pamiyala, mvula ikakhala kuti sinagwe kwambiri. Kenako ndinautseka. Wolembayo analibe akaunti, ndiye sindikudziwa ngati yankho langa analiona.

Patapita miyezi ingapo mvula inagwa masiku awiri otsatizana, ndipo tsiku lachitatu ndinapita kumiyala kuja. Inali itamira yonse, madzi ofiira akudutsa pamwamba pake, mwala umodzi wokha ukuonekera nsonga. Ndinaima pagombe, n'kujambula chithunzi, n'kulemba tsiku. Kenako ndinayatsa pulogalamu yolemba njira n'kuyamba kulondola mapazi a anthu amene ankakhotera kumsewu, njira yozungulira ija imene agogo ananena, imene pa mapu panalibe.